Tchuthi chomwe ndinathera m'minda ya kachewere: mmene ndinapezera ndalama za kafukufuku ndili wophunzira

Kwathu ndi ku Bembeke, m'boma la Dedza, ndipo ndinakula ndi kachewere. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'mizere ya mbatatesi, sopo ndi mchere wa m'nyumba mwathu chimodzimodzi. Nditalowa koleji, tchuthi chilichonse chinali ndi ntchito yake yodziwika kale: kuthandiza amayi kumunda ndi kudimba, kenako kupita nawo ku Lizulu tsiku la msika kukagulitsa. Kandalama komwe ankandigawira pamapeto ndi komwe ndinkabwerera nako kusukulu, kogulira ndiwo, mabandulo a intaneti ndi kusindikizira manotsi. Ngongole ya boma ya ophunzira inkandithandiza sukulu ikakhala yotsegula, koma ikatsekera aliyense ankadzionera yekha. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa amene sanakulire moyo wotere amaganiza kuti wophunzira akakhala pa tchuthi ndiye kuti akungokhala. Kwa ambiri a ife, tchuthi ndi nthawi yosakira ndalama ya semesita yotsatira. Choncho munthu akatiuza kuti tikachite kafukufuku pa tchuthi, funso loyamba limakhala lakuti, nanga tikadya chiyani potsegulira?

Ndikulemba kwa anzanga amene muli m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, amene muli ndi funso lomwe likukusowetsani tulo koma m'thumba muli mbee. Ndikulembanso kwa aphunzitsi amene mumatenga ophunzira kukagwira nawo ntchito yotereyi.

Funso langa linachokera kumunda kwa amayi. M'dzinja la kumayambiriro kwa 2023, kachewere wathu anayamba kufota pamene dothi linali lonyowa bwinobwino. Masamba anali obiriwirabe, opanda mawanga, koma dzuwa likangokwera mbewu inkagwetsa mapewa, madzulo n'kudzuka pang'ono, mpaka tsiku lina osadzukanso. Amayi anapopera Dithane, mankhwala a chiwawu, katatu konse. Palibe chinasintha. Pokumba tinapeza mbatatesi zina dothi litamatirira m'maso mwake, ndipo ukaidula pakati umaona mzere wofiirira wozungulira mkati. Ndinali nditaphunzira kale m'kalasi kuti chiwawu ndi kufota ndi matenda awiri osiyana, koma kuwerenga m'buku ndi kuona amayi ako akutaya ndalama ya mankhwala pa matenda omwe mankhwalawo sangachize, ndi zinthu ziwiri.

Nditabwerera kusukulu ndinadikira aphunzitsi athu a za matenda a mbewu atuluke m'kalasi. Ndinkawaopa, monga mmene tonse tinkachitira.

"Madamu, pepani ndikuchedwetseni pang'ono. Ndili ndi funso la kumunda kwa amayi anga."

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa ngati ndinadulako tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera. Ndinati ayi. Anandifotokozera kuti akakhala matenda a kufota oyamba ndi bakiteriya wotchedwa Ralstonia solanacearum, pakapita mphindi zochepa umaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pomwe wadulapo. Anati mankhwala opopera ochiza matendawa kulibe, ndipo amayenda ndi mbewu, dothi, makasu ndi madzi othirira. Kenako anandifunsa mafunso awiri omwe anasintha chaka changa chonse.

"Minda ingati ya kwanuko ili ndi vuto limeneli? Ndipo anthuwo mbewu amaitenga kuti?"

Ndinalibe yankho.

"Ndiye funso lako ndi limenelo. Ukalilembe pa tsamba limodzi, ubwere nalo Lachisanu."

Ndisanabwererenso kwa iwo ndinataya masiku angapo ndi mabandulo ambiri ndikufufuza ndekha pa intaneti komwe kuli ndalama. Ndikuuzeni zomwe ndinapeza kuti inu musavutike chimodzimodzi. Ku America kuli ndondomeko ya bungwe la National Science Foundation yotchedwa Research Experiences for Undergraduates, yomwe imalipira ophunzira kuti agwire ntchito ya kafukufuku pansi pa mphunzitsi kwa masabata pafupifupi khumi m'nyengo yawo yotentha. Ndinasangalala nditaiona, koma ndalama zake ndi za nzika za dzikolo ndi okhazikika kumeneko. Kwathu kuno kuli National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, yomwe inakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2003 ndipo imalengeza mwayi wa ndalama za kafukufuku nthawi ndi nthawi. Kulinso RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa nkhani za ulimi, womwe likulu lake lili ku Makerere mumzinda wa Kampala. Koma kulikonse komwe ndinayang'ana ndinaona chinthu chimodzi: ndalama zotere zimadutsa pa sukulu ndi pa dzina la wofufuza wodziwika. Wophunzira wa digiri yoyamba payekha alibe khomo lolowera. Khomo lake ndi mphunzitsi.

Ndalama zanga zinachokera kuwiri. Gawo lina linachokera ku kathumba kochepa ka dipatimenti yathu kothandizira ntchito za ophunzira, komwe ambiri m'kalasi mwathu sitinkadziwa n'komwe kuti kalipo. Gawo lalikulu linachokera mu pulojekiti ya Madamu, yomwe inali ndi chigawo cha ndalama zothandizira ophunzira ogwira nawo ntchito kumunda. Ndiye ngati mukufuna kuyamba, yambani ndi kudziwa aphunzitsi a m'dipatimenti yanu: akufufuza chiyani, alemba zotani, ali ndi pulojekiti iti. Mupite kwa amene ntchito yake ikuyandikana ndi funso lanu, ndipo mupite miyezi inayi kapena isanu tchuthi chisanafike. Musayambe ndi mawu akuti mukufuna ndalama. Mphunzitsi amakumana ndi ophunzira ambiri ofuna ndalama, koma wobwera ndi funso lenileni lolembedwa pa pepala amakhala mmodzimmodzi.

Tsamba langa loyamba linali la munthu wofuna kumeza dzungu lonse. Ndinalemba kuti ndiyendera Dedza yense ndi Ntcheu yemwe, mpaka ku Tsangano, poti nakonso ndi kwa kachewere. Madamu anatenga cholembera n'kuyamba kudula. Tinatsala ndi midzi itatu yomwe ndikanafikako wapansi kapena pa kabaza kuchokera kwathu, minda 48, masabata asanu ndi atatu. Ndinadandaula mumtima kuti ntchito yanga yachepa. Lero ndimaona kuti kuchepako n'komwe kunachititsa kuti ivomerezedwe. Opereka ndalama amafuna kuona ntchito yomwe ingathe. Komanso poti ndinkagona kwathu, panalibe za lendi kapena malo ogona, ndipo Madamu anandiuza kuti ndilembe zimenezo momveka mu pulopozo, chikalata chofotokoza ntchitoyo popempha ndalama. Kukhala mwana wa m'deralo, wodziwa njira zachidule ndi malonje ake, ndi chuma chomwe wofufuza wochokera kutali amachita kugula.

Tsopano ndifike pa bajeti, pomwe pagona nkhani yanga yonse. Sindilemba ziwerengero za makwacha chifukwa mitengo ya nthawi imeneyo ingakusocheretseni lero.

Bajeti yanga yoyamba inali ndi thiransipoti, mapepala, mayunitsi, timatumba toikamo zitsanzo ndi ndalama yoyezera ku labotale. Za ine mwini sindinalembe kalikonse. Ndinkachita manyazi. Ndinkaona ngati ndikalemba ndalama ya chakudya changa kapena ya nthawi yanga, aziti ndabwera kudzadyera pomwepo, ndipo angapatse wina wosavuta. Ndinkati bola andilole, zinazo ndidzaona kutsogolo.

Madamu anayang'ana pepalalo kwa kanthawi, kenako anandiyang'ana ine.

"Pa tchuthi umachita chiyani masiku onse?"

Ndinawafotokozera za kumunda ndi za ku Lizulu.

"Ndiye masabata asanu ndi atatu amenewa amayi ako athandizidwa ndi ndani? Nanga iwe ubwerera kusukulu ndi chiyani?"

Ndinangoti chete, misozi ili pafupi. Anandiuza kuti anaonapo ophunzira akhama akusiya ntchito pakati, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa njala ndi mavuto a kunyumba zinawakoka. Anatinso kumayiko komwe ndinkawerenga kuja wophunzira amalandira kangachepe pa chifukwa chomwechi: popanda kutero, kafukufuku amasanduka wa ana a anthu opeza bwino okha. Anandilembetsa mzere watsopano wa ndalama yondisamalira sabata iliyonse, ndipo pansi pake chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chake. Palibe amene anaukana mzere umenewo.

Ndikupempheni, musachite manyazi omwe ndinachita ine. Ndalama imeneyo si yakuba ndipo si mphatso. Ine theka lake ndinkapereka kwa mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene ankagwira ganyu m'munda mwa amayi m'malo mwanga. Nditawauza amayi za kafukufukuyu, mawu awo oyamba anali akuti, "Zabwino mwanawe, koma nanga wondithandiza kupalira ndi kukwezera ndani?" Ndikanakhala kuti ndinalibe yankho la funso limenelo, ntchito yanga ikanathera pakhonde pomwepo.

Anandionjezeretsanso zinthu zina zomwe sindinaziganize. Mafuta a galimoto oti iwo adzandiyendere kawiri. Jombo. Jik ndi kachigubu, zotsukira jombo ndi mpeni pochoka m'munda wina kulowa wina, chifukwa wofufuza matenda oyenda ndi dothi akhoza kukhala iye amene akuwafalitsa mudzi wonse. Ulendo umodzi wobwerera kukauza alimi zomwe tapeza. Ndipo pansi penipeni 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi.

Bajetiyo tinaipereka mu Okutobala 2023. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene munali m'dziko muno mukukumbukira mmene mitengo inadumphira, kuyambira mafuta a galimoto mpaka sopo. Ndalama yomwe anavomereza inali yomwe ija, koma zomwe ikanagula zinali zitachepa kwambiri, ndipo 10 peresenti ija inamira osaoneka. Kuonjezera apo, gawo loyamba la ndalamazo linafika mochedwa ndi masabata awiri, mapepala akuyendabe m'maofesi. Kachewere sadikira siginecha ya munthu. Matenda a kufota umawaona bwino mbewu ikakhala m'munda ili yobiriwira, ukachedwa upeza akumba kale.

Tinakhala pansi ndi Madamu n'kuyambanso kudula. Tinachepetsa zitsanzo zopita ku labotale, n'kudalira kwambiri njira ya tambula ija, yomwe imangofuna madzi oyera ndi mpeni. Tinasiya zosindikiza mafunso pa mapepala, ndinawaika pa foni kudzera pa KoboToolbox, yomwe imalola kulemba mayankho ngakhale pomwe palibe netiweki n'kutumiza pambuyo pake. Izi zinafuna kuti ndigule power bank, popeza kwathu kulibe magetsi ndipo foni ndinkatchajitsa pa malo ochitira malonda. Ulendo wawo wachiwiri anati adzabwera pa minibasi. Ine ndinanena kuti tichotse ulendo wokauza alimi zotsatira, komanso tichepetse ndalama yanga ija. Anakana zonse ziwiri, ndipo anakana mwamphamvu. Pa masabata awiri odikira aja anandibwereka ndalama ya m'thumba mwawo kuti ndiyambe, tinalemberana pa pepala, ndipo ndinabweza tsiku lomwe ndalama zinalowa. Si mphunzitsi aliyense angathe kutero, ndiye mufunse msanga kuti ndalama zikavomerezedwa zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti zifike m'manja, ndipo masiku oyamba muike ntchito zosafuna ndalama zambiri.

Ntchito zosafuna ndalama zambirizo ndi za chilolezo, ndipo zimadya nthawi. Poti ndinkafunsa anthu mafunso, pulopozo inayenera kudutsa ku komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, ndipo ndinamasulira m'Chichewa kalata yopempha chilolezo cha mlimi aliyense. Ndi kalata ya kusukulu ndinapita ku ofesi ya zaulimi pa boma, kuchoka apo ku EPA, yomwe ndi ofesi yaing'ono ya zaulimi yoyang'anira dera, kenako kwa alangizi a dera lathu. Alangiziwo ndi amene anandiperekeza kwa mafumu. Ngakhale ndinu mwana wa m'mudzi momwemo, musalumphe njira imeneyi. Kwa amfumu a mudzi wachiwiri ndinapita ndi amalume anga, ndinavala chitenje, ndinakhala pansi pa mphasa, ndipo amalume ndi amene anayamba kulankhula. Amfumu atamva anati, "Mwana wathu yemweyu? Ayende, minda ndi yakeyi." Mawu amenewo ananditsegulira makomo omwe kalata ya chidindo sikanatsegula.

Apa ndinapezanso chomwe ndinaiwala mu bajeti: alangizi anandiperekeza masiku atatu pa njinga yamoto, ndipo mafuta ake ndi chakudya chamasana sindinawerengere. Ndinachotsa pa ndalama yanga. Inu mudzalembe.

Chinthu china chomwe palibe anandichenjeza n'chakuti kumudzi ukangotulutsa foni kapena kope n'kuyamba kulemba mayina, anthu amaganiza kuti kukubwera thandizo. Tsiku loyamba kunasonkhana anthu ochuluka kuposa omwe ndinkafuna, ena akufunsa ngati ndi kalembera wa feteleza wotsika mtengo, ena ngati kuli mbewu yaulere. Zinandipweteka kuwauza kuti ndilibe chowapatsa. Koma ndinanena poyera, pamaso pa amfumu, kuti ndine wophunzira, sindinabweretse feteleza, mbewu kapena alawansi, ndipo chomwe ndikulonjeza n'chakuti ndidzabwera kudzawauza zomwe ndapeza. Ena anachoka, ndipo sindiwaimba mlandu, anali ndi ntchito kumunda. Amene anatsala anagwira nane ntchito ndi mtima wonse. Musalonjeze chomwe mulibe pofuna kuti anthu akuyankheni. Inu mudzabwerera kusukulu, koma amayi anu adzatsala m'mudzimo ndi bodza lanulo.

Masiku a kumunda ndimawakumbukira ndi chimwemwe. Ndinkadzuka kuli chifunga cha ku Bembeke chija, chomwe umalephera kuona nyumba ya oyandikana nawo, jombo kuphazi, chikwama kumsana muli tambula, botolo la madzi, mpeni ndi kachigubu ka Jik. M'munda uliwonse ndinkawerenga mbewu zofota m'mizere yomwe tinagwirizana, n'kufunsa mwini munda komwe anatenga mbewu, mtundu wake, kaya ndi Rosita, Violet kapena wina, ndi zomwe analima pamalopo zaka zitatu zapitazo. Kenako tinkadula tsinde limodzi n'kuviika. Abambo ena achikulire anagwira tambulayo okha, kuiyang'anitsa kudzuwa, ndipo ulusi woyera utayamba kutsika anangoti, "Ha! Ndiye matendawa ali m'kati? Ine ndimapopera kunja." Anaitana akazi awo ndi ana kuti adzaone. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuchita ndekha, ndinkapereka mpeni kwa mwini munda.

Mu Febuluwale 2024 mvula inadula kwa masiku ambiri, chaka cha El Niño chija, ndipo zinandisokoneza chifukwa mbewu zina zinkafota ndi ludzu chabe. Ndinaimbira Madamu ndili ndi nkhawa kuti ntchito yonse yawonongeka. Anandiuza kuti ndisawerengere mbewu ngati yodwala pongoiona, koma ndiziyesa m'tambula paliponse pomwe ndakayika, ndipo ndizilemba tsiku lomwe mvula inagwa komaliza. Zinachedwetsa ntchito koma zinaipulumutsa.

Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chomwe ndalamazi zimafunira mphunzitsi woyang'anira. Tinagwirizana kuti Lachisanu lililonse madzulo ndizitumiza zomwe ndalemba, iwo n'kundiimbira. Lachisanu loyamba lomwelo anapeza cholakwa chachikulu. Alimi ambiri ankayankha kuti mbewu ndi "yanga yomwe", ine n'kulemba choncho. Madamu anandifunsa kuti, yake kuyambira liti? Anaisunga zaka zingati, ndipo poyamba anaigula kuti? Wina amati yake pomwe anagula pamsika chaka chatha, wina wakhala akubwereza yomweyo zaka zisanu. Ndinayenera kubwerera m'minda isanu ndi inayi kukafunsanso. Zikanadziwika kumapeto, ndalama yobwerera kukakonza ikanakhala itatha. Choncho pogwirizana ndi mphunzitsi, musangokambirana za ndalama. Mufunse kuti muzilankhulana liti, adzabwera kangati, ndipo akakhala atachoka mungafunse ndani. Mphunzitsi wongosayina mapepala n'kusowa tchuthi chonse akusiyani m'madzi, ngakhale ndalama zitakhalapo.

Za malisiti ndinene mosabisa, chifukwa n'zomwe zimagwetsa ambiri. Ndalama inkabwera m'magawo awiri, ndipo lachiwiri silikanatuluka ndisanafotokoze mmene loyamba layendera. Koma wa kabaza alibe lisiti, mayi wogulitsa zitumbuwa alibe lisiti. Madamu anandipatsa pepala la mizere lolembapo tsiku, komwe ndachokera ndi komwe ndapita, ndalama yake, ndi malo oti wolandirayo asayine kapena kudinda chala. Anandiuza kuti ndifunse ku ofesi ya zachuma ndisananyamuke ngati pepala lotere amalilandira, ndipo anavomera. Usiku uliwonse ndinkalemba m'kope zonse za tsikulo n'kujambula malisiti pa foni, popeza ena amafufutika akakhala m'chikwama chonyowa. Ndalama ya kafukufuku ndinaiika pa nambala ina ya foni, yosiyana ndi yomwe ndimalandirira zanga. Zikasakanikirana, pakatha masabata awiri simudziwanso kuti yapita kuti.

Kusiyanitsako kunandithandiza pa chiyeso chomwe sindinachiyembekezere. Mbiri inamveka pachibale kuti ndalandira ndalama za pulojekiti. M'sabata yachisanu mwana wa achemwali a amayi anadwala, ndipo panafunika ndalama ya galimoto yopita naye kuchipatala cha pa boma. Maso onse anali pa ine. Usiku umenewo sindinagone. Ndalama inalipo pa foni, yoyezera zitsanzo ku labotale. M'mawa ndinawaonetsa amayi kope lija, mzere ndi mzere, kuti aone kuti tambala iliyonse ili ndi mwini wake ndipo ndidzafunsidwa. Ndinapereka yonse yomwe inali yanga ya sabata imeneyo ndi yotsatira, ndipo amayi ndi amene anakalankhula ndi abale, n'kugulitsa ndowa zingapo za nyemba kuti zikwanire. Mwanayo anachira. Ndikanakhala wopanda mzere wanga uja mu bajeti, ndikudziwa kuti ndikanatenga ya labotale, chifukwa sindikanatha kungoyang'ana. Muwauze a kunyumba msanga, ndalama isanafike, kuti gawo ili ndi langa ndipo tikhoza kugawana, koma ili ndi la ntchito.

Zomwe ndinapeza sizinali zachilendo kwa akatswiri, ndipo Madamu anandiuziratu kuti ndisayembekezere kutulukira chinthu chatsopano pa masabata asanu ndi atatu. Kufota kunkaoneka kwambiri m'minda yomwe munabzalidwa timbatatesi ting'onoting'ono totsala pogulitsa kapena togula pamsika osadziwa munda womwe tachokera, komanso momwe kachewere ankatsatizana ndi kachewere mnzake kapena tomato, poti mbewu ziwirizi ndi za banja limodzi ndipo zimagwidwa ndi matenda omwewa. Ambiri mwa omwe ndinacheza nawo ankapopera mankhwala a chiwawu pa mbewu zofota, monga ankachitira amayi. Koma kwa ine ndi kwa midzi itatu ija zinali zathuzathu, zochokera m'minda yomwe timaidziwa ndi maina. Lipoti ndinapereka pa nthawi yake pamodzi ndi malisiti onse, ndi kandalama kochepa kotsala komwe ndinabweza. Ntchito yomweyo inadzakhala maziko a pulojekiti yanga ya chaka chomaliza, ndipo kalata yomwe Madamu anandilembera pofunsira ntchito inali ndi zinthu zenizeni zoti anene za ine.

Ulendo wobwerera uja tinapanga sukulu itatsegulira kale, Loweruka lina. Madamu anabwera pa minibasi, anatsikira pa mphambano ya ku Bembeke pa msewu wa M1, n'kukwera kabaza ngati wina aliyense. Tinakumana pabwalo la amfumu, alangizi ali pomwepo. Ndinalankhula m'Chichewa, popanda pepala. Ndinafotokoza kusiyana kwa chiwawu ndi kufota, kuti mbewu yofota aziizula pamodzi ndi dothi lake n'kukaitaya kutali ndi munda ndi madzi, kuti pamalo pomwe pagwa matendawa azibzalapo chimanga kwa zaka zingapo asanabwezerepo kachewere kapena tomato. Alangizi anaonetsa njira yokhoma zikhomo pa mbewu zathanzi zikadali m'munda, kuti mbewu ya chaka chamawa idzachokere pa zimenezo osati pa zotsala za pamsika. Ena anadandaula kuti malo ndi ochepa, kasinthasintha wa zaka zambiri sangatheke, ndipo ankanena zoona. Madamu sanawatsutse, anakambirana nawo za kugawa munda m'zigawo.

Titatsala pang'ono kutseka, agogo ena aakazi omwe anakhala chete nthawi yonse anakweza dzanja.

"Mwanawe, wati matendawa amayenda ndi madzi. Nanga ife a kumunsi kwa dambo, amene timathirira madzi odutsa m'madimba a anzathu a kumtunda, titani?"

Ndinayang'ana Madamu. Iwo anatulutsa kope m'chikwama n'kulemba funsolo mmene agogowo analinenera, kenako anawafunsa dzina la dambolo ndi miyezi yomwe amathirira. Pobwerera, tili pa mphambano kudikira minibasi ya ku Lilongwe, anandifunsa ngati m'kalasi ya pambuyo pathu muli wina wochokera mbali yomweyi. Ndinati alipo mnyamata wina wa kufupi ndi Lizulu. Anati ndikamuuze abwere Lachisanu ndi tsamba limodzi, ndipo ndikhale naye polemba bajeti.